Masheleni a Ulendo wa ku Katete

Chaka chimene atate anatupa mimba, m'Lusaka munalibe sopo. Mafuta ophikira ankaoneka mwa apo ndi apo, ndipo ukamva kuti ufa wafika kusitolo ya boma unkasiya chilichonse n'kuthamangira pamzere. Ine ndinkataipa makalata mu ofesi ina ya pa Cairo Road. Anthu a ku Kabwata ankandiyesa wolemera chifukwa ndinkapita kuntchito nditavala nsapato za gogoda, koma malipiro anga ankatha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Pakhomo tinalipo anayi: atate, amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono amene sukulu inamukana, ndiye ankagulitsa ndudu imodziimodzi pasiteshoni ya maminibasi.

Atate anagona kuchipatala milungu ingapo. Kenaka dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Sindinali mwana, ndinamva chimene ankatanthauza. Atate nawonso anamva ngakhale panalibe amene anawauza. Titangowagoneka pabedi lawo anapempha madzi, anamwa pang'ono, n'kunena kuti, "Ine ndikafere kwathu."

Kwawo kunali ku Katete. Anachokako ali mnyamata kupita ku Halale kukaphikira azungu, kenaka anabwera ku Lusaka n'kukhala mesenjala wa mu ofesi ya boma mpaka mutu unachita mbuu. Kumudzi ankangopitako pamaliro, ndipo zaka zomalizirazo ngakhale pamaliro sankapita, ankangotumiza mawu. Chimene ankaopa kuposa matenda chinali kutchedwa mtchona, munthu amene tauni inamumeza mpaka kwawo anamuiwala nkhope. Munthu wa kuchalichi kwathu akamwalira n'kukaikidwa kumanda a ku Chingwere, atate ankabwerako atakwiya. Ankati kumeneko anthu amawaika pamzere ngati akubzala chinangwa, woyandikana naye sumudziwa n'komwe mtundu wake.

Tsiku lomwelo anatuma amayi kuti atulutse chitini cha tiyi chimene chinkakhala pansi penipeni pa thiranki. Chitinicho tinkachidziwa tonse. M'kati mwake munali ndalama zasiliva za m'nthawi ya atsamunda zimene atate anasunga akugwira ntchito ku Halale: mahafukoloni, mafuloleni, masheleni, masikisi ndi timatiki tating'ono. Mbali imodzi zonse zinali ndi mutu wa mfumu ya ku Mangalande. Ukatembenuza, ina inali ndi mphalapala, ina mbalame, ina nkhwangwa ziwiri zopingasa. Tili ana, tsiku la Khirisimasi atate ankatulutsa hafukoloni imodzi n'kuigwetsa pasimenti kuti timve kulira kwake. Ankati ndalama yeniyeni imalira, izi zathu za masiku ano zimangoti phwa. Pamene ndalama zinkasinthidwa, anzawo onse anakapereka zawo kubanki, koma iwo anakana. Ankati izi ndi za ulendo.

Tsopano ulendo uja unali utakwana. Amayi anazikhuthulira pachitenje, ndipo zinali zakuda bii ngati kunsi kwa mphika. M'sitolo sizikanagula ngakhale machesi. Tinayenera kuzigulitsa, koma panalibe aliyense wa ife amene ankadziwa kuti ndalama imagulitsidwa kuti.

Mlongo wanga ndiye anayamba. Anatapa zodzaza dzanja n'kupita nazo kwa mmwenye wina wosula mphete ndi ndolo kuseri kwa masitolo a ku Kamwala. Anabwerako akutuluka thukuta, asanakhale n'komwe pansi anayamba kufotokoza. Mmwenyeyo ankagula poyeza pasikelo, kuti akazisungunule. Malinga ndi mtengo umene anatchula, chitini chonsecho chikanakwana matikiti awiri a basi, a atate ndi amayi, n'kutsala kangachepe kogulira chakudya panjira.

Ine ndinatenga zitatu n'kupita nazo kuntchito. Mu ofesi mwathu munali mzungu wina wokalamba wowerengera ndalama za kampani, mmodzi wa aja amene sanachoke dziko litalandira ufulu. Tonse tinkadziwa kuti amasonkhanitsa ndalama zakale, chifukwa ankasunga mabuku a zimenezo m'dirowa. Nditamuonetsa, anachotsa magalasi ake n'kutulutsa kagalasi kena kokulitsa zinthu. Ankazigwira m'mphepete ndi nsonga za zala. Anayang'ana nthawi yaitali, akung'ung'udza yekha, kenaka anafunsa kuti zilipo zambiri bwanji. Nditamuuza kuti ndi chitini chodzaza, anakhala tsonga. Anati zina mwa izo sizipezeka wamba, ndipo ngati zonse zili ngati zitatuzi, adzagula imodziimodzi. Mtengo umene anatchula pa hafukoloni imodzi yokha unandichititsa kugwira tebulo.

Vuto linali lakuti m'mawa mwake ankanyamuka kupita ku Migodi, dera lokumba mkuwa, kukayendera maofesi a kampani, ndipo ankabwerako mwezi ukutha. Anapempha kuti zitatuzo asunge kuti akazifufuze m'mabuku ake, ine ndinavomera. Zonsezi tinkalankhula m'Chingerezi. Koma mzunguyu ankanyadira kwambiri Chinyanja chake cha kukhitchini, chimene anaphunzira kwa antchito a kunyumba kwake, ndipo ankakonda kutsekera nacho nkhani. Ndikutuluka anakweza chala n'kunena kuti, "Samala bwino, mama. Samala."

Madzulo a tsikulo tinakhala m'chipinda cha atate kuti tigamule. Ine ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, mpaka mawu otsiriza aja ndinawabwereza mmene anawanenera, ndikumuyeseza ndi chala chomwe. Amayi anaseka pang'ono. Mlongo wanga sanaseke.

"Ba sisi, imwe mukhulupilila maningi bazungu," anatero. "Mwezi ni kutali. Tigulise mailo kuli mwenye, ba tate bakwele basi bakali na mphamvu. Manje tizayembekeza munthu wamene sitiziba ngati azabwela?"

Ndinamuyankha moipa. Ndinamuuza kuti munthu wogulitsa ndudu imodziimodzi saona kupitirira ngwee ya lero. Ndinkapsa mtima msanga masiku amenewo, ndipo mpaka pano sindinasinthe kwenikweni. Koma nkhawa yanga inali yoona. Matikiti a basi ankavuta, anthu ankagona pasiteshoni masiku angapo akudikira, ndipo basi ikabwera munkadzaza anthu, nkhuku ndi matumba. Ndi ndalama za mzungu tikanachita hayala vaneti, atate n'kugona pamatiresi kumbuyo mpaka pakhomo pa kwawo.

Atate anatisiya tikangane mpaka titatopa. Kenaka anafunsa mlongo wanga kuti, "Ndikatsika basiyo ndi chiyani m'manja?"

Mnyamata uja asanayankhe, atate anapitiriza.

"Ndinachoka ndi kabudula mmodzi. Ndikabwerere ndi mimba yotupa basi? Alongo anga akandilandire, akandiphikire, akandisambitse, ine osawapatsa ngakhale mchere? Adzati tauni yamudya yatha, yatitumizira makoko."

Anapuma kaye, chifukwa kulankhula kunkawatopetsa. Anati akufuna bulangete la mlongo wawo wamkulu, shuga, mchere, ndi malata ochepa oti akafolere kanyumba kamene akagonemo. Anawonjezanso kuti sanasunge ndalamazo zaka zonsezi kuti zikasanduke ndolo za akazi a eni. Tidikire mzungu.

Amayi ananena mawu amodzi okha, akupinda chitenje chija. Anati mwezi ndi wautali kwa munthu wodwala. Atate anayankha kuti adikira zaka zambiri, mwezi si kanthu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Mwezi umenewo unali woipa. Sabata yoyamba atate ankatha kutuluka okha kukakhala pampando pakhomo, anthu odutsa n'kumawapatsa moni. Kenaka miyendo inatupa, nsapato zinakana. Kenaka anayamba kubweza chilichonse kupatula phala lamadzimadzi. Pawailesi ankangonena za kwacha, kuti yatsikanso, ndipo m'sitolo mitengo ankaisintha katundu ali pashelefu pomwepo. Tsiku lina mlongo wanga anabwera n'kuima pakhomo la khitchini.

"Basi yakwela mutengo," anatero. "Nauza chabe, sininakambe vina."

Ndinamuponyera chikho. Usiku ndinkamva atate akubuula kuseri kwa khoma, ndipo m'mawa ndinkapita kuntchito n'kumayang'ana chitseko chotseka cha ofesi ya mzungu uja. Ndinkachita mantha kwambiri. Kangapo ndinatsala pang'ono kunyamula chitini kupita nacho ku Kamwala, koma ndikaganiza kuti tadikira kale masiku onsewa, ndinkaona kuti kugonja tsopano ndi kutaya zonse ziwiri.

Mzungu anabweradi, mochedwerapo pang'ono kuposa mmene ananenera. Anali wosangalala. Anati zitatu zija wazifufuza, ndi zabwino kuposa mmene ankaganizira, ndipo ndibwere ndi chitini chonse kunyumba kwake ku Kabulonga Loweruka m'mawa. Ndinafika kunyumba ndikuthamanga. Atate atamva anapempha kuti tiwakhazike tsonga, ndipo tsiku limenelo anamaliza phala lonse.

Amayi anga ankadziwika m'dera lathu lonse chifukwa cha mapoto awo. Kumpopi azimayi ankawaseka kuti safuna kalilole, amadziyang'anira pa safuliya. Sopo atasowa, iwo sanadandaule ngati ena. Ankasefa phulusa la pambaula, n'kusakaniza ndi mchenga wosalala ndi madzi a mandimu, ndipo poto wopsereza ankatuluka m'manja mwawo ngati wabwera kumene kusitolo. Mbale ya mnansi sankaibweza yosatsuka. Mwana sankamutuma kwa eni ake asanamupukute kumaso. Kwa iwo kusamala chinthu kunali kumeneko, ndipo ife tonse anatilera choncho.

Lachisanu nditaweruka ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, miyendo atatambasula. Pambali pawo panali beseni la madzi akuda, ndipo patsogolo pawo, pathireyi ya alendo, panali ndalama zonse za atate zitayalidwa m'mizere. Zinkawala mochititsa kuphethira. Anayamba m'mawa ine nditangochoka, imodziimodzi, mbali zonse ziwiri, mpaka timatiki tating'ono tija. Nsonga za zala zawo zinali zitasupuka, ndipo chala chachikulu anachimanga kansalu.

"Bwana wako anati tisamale," anatero. "Sungapite nazo kunyumba ya mzungu zili bii ngati zatoledwa kudzala. Angatiyese anthu otani?"

Ndinena zoona, ndinasangalala. Ndinawayamikira. Mlongo wanga naye atabwera anaimba kamluzu n'kunena kuti tsopano mzungu awonjezera mtengo. Tinanyamula thireyi kupita nayo kwa atate. Anatenga fuloleni imodzi, anaiyandikiza kumaso, ndipo anamwetulira koyamba m'masabata ambiri. Anati umu ndi mmene zinkaonekera tsiku limene ankalandira. Anatiuza za bwana wawo woyamba ku Halale, amene ankawerengera malipiro pakhonde atavala chipewa, ndi za mnzawo wa ku Petauke amene anamwera zake zonse. M'nyumba mwathu simunakhalenso madzulo abwino ngati amenewo.

Loweruka amayi anati andiperekeza, chifukwa mtsikana sayenda yekha ndi chuma chotere. Anavala chitenje chawo cha kuchalichi n'kumanga chitini m'kansalu koyera. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Kabulonga, kotsalako tinayenda pansi. Kumeneko misewu inali zii, mipanda italiitali, agalu akuuwa m'kati osaoneka. Mlonda anatitsegulira geti n'kutiperekeza pakhonde. Mzungu anatuluka atavala kabudula, anapereka moni kwa amayi m'Chinyanja chake chija, amayi n'kugwada pang'ono akuwomba m'manja. Patebulo anali atayala kale nsalu yobiriwira, kagalasi kake, ndi ndalama zitatu zakuda zija.

Ndinamasula kansalu n'kutsegula chitini. Mzungu anasuzumira, ndipo nkhope yake inasintha pomwepo. Anatenga imodzi, anaiika pansi pa kagalasi, anaibweza. Anatenga ina. Anapisa dzanja mpaka pansi pa chitini kufuna ngati ilipo imene inatsala. Munalibe, amayi sankasiya ntchito yatheka.

"Ndani tsuka iyi?" anafunsa.

Amayi anawomba m'manja kachiwiri, nkhope ili ngwee. "Ndine, bwana."

Mzungu anawayang'ana, anayang'ana chala chomanga kansalu chija, n'kutembenukira kwa ine. Kuyambira pamenepo analankhula Chingerezi chokhachokha, motsitsa mawu. Anandipatsa kagalasi kuti ndione ndekha, akuloza ndalamazo ndi chala. Pa ndalama yakuda, tsitsi la mfumu linkaoneka limodzilimodzi, ndi timizere ta panyanga za mphalapala. Pa yowala panali mikwingwirima yokhayokha, yopingasana paliponse, ndipo tsitsi lija linali litafafanizika. Anati kuda kuja si litsiro. Ndi kumene osonkhanitsa amafuna, chifukwa kumasonyeza kuti ndalama sinakhudzidwe. Yokwechedwa palibe amene angaigule, kuno kapena kunja. Chimene chatsala ndi siliva wake basi, wa pasikelo.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati anandiuza, anati ndisamale. Apo mtima wanga unawira. Munthu ameneyu ndinkamutaipira makalata a Chingerezi tsiku ndi tsiku, Chingerezi chake chonse ndinkachimva. Akananena m'chilankhulo chake kuti musazitsuke, mawu awiri okha, ndikanamva. Koma anasankha kudzionetsera ndi liwu limodzi la chilankhulo chathu limene sankalidziwa kutalika kwake. Ndinafuna kumuuza zimenezi, koma anali bwana wa kuntchito, ndipo amayi anali pomwepo akumwetulirabe, akudikira kuti ndiwamasulire.

Analipira zitatu zakuda zija pa mtengo umene analonjeza, n'kuwonjezapo kangachepe, akuti ka atate. Ndinalandira, ndipo ndinadana nako kulandirako. Anaitanitsa tiyi, ife tinakana. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Ndinagwira naye ntchito zaka zina zingapo, m'mawa uliwonse ndinkamupatsa moni, koma sindinamukhululukire.

Tili mumsewu amayi anafunsa kuti wati chiyani. Ndinati wanena kuti kwacha yagwa, ndiye alibe ndalama zogulira zonse. Tinayenda mpaka kudutsa mipanda ingapo, iwo patsogolo, chitini chili pamutu.

"Chingerezi sindimva," anatero osatembenuka, "koma chala ndinachiona pamene chimaloza."

Ndinayesa kulankhula, anandiletsa ndi dzanja.

"Atate ako usawauze."

Mlongo wanga tinamupeza pakhomo akutidikira. Ndinamukokera kuseri n'kumuuza zonse, ndipo ndinali nditakonzeka kuti akangotsegula pakamwa kunyoza amayi, ndimumenya ndi chilichonse chimene chili pafupi. Iye anangosuzumira kukhitchini kumene amayi anali atayamba kale kukoleza mbaula, n'kunyamula chitini. Akanalalata bwenzi zitandipepukira, chifukwa ndikanapeza wolimbana naye.

Tinapita limodzi ku Kamwala masana omwewo. Kasitolo ka mmwenye kanali kamdima, konunkha mankhwala. Iye kuwala kwa ndalamazo sanakuone n'komwe. Ndinayesa kumuuza kuti zina mwa izo sizipezeka wamba, anandidula.

"Ine sinigula nkhope ya mfumu, mama. Nigula kulema kwake chabe."

Anazigawa milu itatu poyang'ana zaka zake. Mulu woyamba anati ndi siliva wabwino, wachiwiri anati ndi wosakaniza, wachitatu anatibwezera, akuti mulibe siliva ngakhale pang'ono. Zimene ankakayikira ankazipala ndi tupa n'kudonthezapo mankhwala. Kenaka anazikhuthulira pasikelo ngati mtedza. Mtengo wake unali womwe uja anauza mlongo wanga mwezi wathawo, sanachotsepo ndipo sanawonjezepo. Koma kwacha ya mwezi wathawo sinalinso kwacha ya tsiku limenelo.

Tikaphatikiza ndi za mzungu zija, matikiti awiri a basi akanakwanabe movutikira. Koma atate tsopano sankatha kukhala tsonga osawagwira, ndipo kuchimbudzi tinkachita kuwanyamula. Munthu wotero sungamugoneke pasiteshoni kudikira basi, ndipo kondakitala sakanamulola kukwera. Ndinazungulira kwa eni mavaneti kumsika wa ku Kabwata ndi m'tauni. Mafuta a galimoto ankasowa, ndiye mitengo imene ankatchula inali yoti ngakhale nditapereka malipiro anga a miyezi ingapo sizikanakwana. Mmodzi anabwera mpaka kunyumba, anasuzumira m'chipinda, n'kutuluka akupukusa mutu.

"Ba sisi, aba bakafela mu njila, mulandu uzankhala wa ndani? Pa lodibuloko nizakamba chani?"

Kuchalichi anasonkha, koma anthu ake anali ngati ife tomwe. Zimene anabweretsa zinakwana mankhwala oletsa ululu.

Atate tinawauza kuti mzungu wagula zonse. Amayi ndiwo ananena, ine ndinangovomereza ndi mutu. Anawauza kuti galimoto yapezeka koma mwini wake akudikira mafuta, ibwera sabata ya mawa. Kuti bodzalo liime, amayi anatenga zina mwa ndalama zija n'kukagula bulangete latsopano, ndipo anaima pamzere tsiku lathunthu mpaka anapeza shuga ndi mchere. Anaziika pampando kumiyendo kwa bedi kuti atate azizipenya. Zotsalazo anazimanga pachitenje osauza munthu kuti ndi za chiyani, koma tonse tinkadziwa kuti ndi za bokosi.

Atate anauza mlongo wanga kuti apolishe nsapato zawo ngakhale sizinkalowanso, ndipo jekete lawo mnyamatayo analipachika pamsomali pafupi ndi chitseko. M'mawa uliwonse ankafunsa za mafuta. Ankatiuza amene tikamupatse bulangete, amene tikamupatse shuga, ndi amene tisakamupatse kanthu chifukwa anawalanda munda kalekale. Sindikudziwa ngati ankakhulupiriradi. Nthawi zina ndikawapatsa madzi ankandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuyang'ana kumbali. Zinkandipweteka kuposa kubuula kwawo.

Amayi sanalirepo pamaso pathu. Ankagwira ntchito zawo zonse monga kale, koma anasiya kupita kumpopi nthawi imene kuli anthu, ndipo chakudya ankangochilawa. Ndinayesa kamodzi kuwauza kuti si mlandu wawo, kuti ifenso tinasangalala nazo. Anandiyankha kuti ndikaone ngati atate atembenuka.

Tsiku lomaliza linali la kutentha kwa mu Okutobala, masana. Ndinali nditapempha kuntchito chifukwa kuyambira m'mawa atate sankatizindikira bwino. Tonse atatu tinali m'chipindamo. Nyumba yathu inali pafupi ndi msewu, ndipo malole akamadutsa mawindo ankanjenjemera, bedi lachitsulo lija n'kumalira pang'ono. Itadutsa lole ina yaikulu, atate anatsegula maso n'kugwira m'mphepete mwa matiresi.

"Tanyamuka?" anafunsa.

Ine ndi mlongo wanga tinayang'anana. Amayi anasendera pafupi n'kuwagwira dzanja.

"Tanyamuka kalekale. Pa Chongwe tadutsa."

"Katundu mwakweza yense?"

"Yense. Bulangete lili apa."

Atate anatseka maso. Patapita kanthawi anafunsanso kuti tili pati, amayi anati pa Rufunsa, tayamba mapiri. Atate anati dalaivala ayende bwino, pamenepo pamagwa magalimoto. Amayi anatembenukira kwa mlongo wanga n'kumuuza kuti, "Mwamva, adalaivala?" Mnyamata uja anayankha kuti wamva, kenaka anatembenukira kukhoma.

"Pa Luangwa tawoloka?"

"Tikuwoloka tsopano."

"Asilikali satitsitsa?"

Masiku amenewo pamlatho paja asilikali ankatsitsa anthu onse kuti awoloke wapansi. Amayi sanachedwe n'komwe kuyankha.

"Ati odwala asatsike."

Atate anagwedeza mutu ngati akuyamikira. Anafunsanso kamodzi, ndipo amayi anati pa Kacholola. Amayi atatchula Nyimba, atate anati pamenepo tigule nthochi, koma mawu ake tinachita kuwerama kuti timve. Kuchokera apo sanafunsenso. Mpweya unayamba kutalikirana, kenaka ndinaona kuti chifuwa chaima. Ndinadikira, sichinayambenso.

Amayi anapitiriza. Anatchula Petauke, anati dzuwa lapendeka koma tifika kusanade. Anatchula Sinda. Anati taonani phiri lija layamba kuoneka. Ankalankhula mwa masiku onse, mmene ankalankhulira akamawapatsa madzi osamba. Atafika pa Katete anauza dalaivala kuti akhote kumanja, atsate msewu wafumbi, achepetse liwiro pakamlatho ka mitengo.

Mlongo wanga anagwada pambali pawo n'kuwagwira phewa.

"Amai," anatero. "Amai, ba tate basila."

"Ndaona," anayankha amayi, osasiya dzanja lija. "Ndisiyeni ndiwafikitse pakhomo."